Mfundo Yaiwisi ya Gologolo

Padangotero, inu khalani pompo muzimva. Kalekale, nyama zikadayankhulana bwinobwino ngati ine ndi inu, Kangaude analuka ukonde waukulu umene unafika pakhomo la nyama iliyonse, ulusi wina n'kumadutsa m'mbali mwa njira. Ukondewu sunali wogwirira ntchentche ayi, unali wotumizirana mawu. Pakati pake panali mfundo zambirimbiri, ndipo mfundo iliyonse inali ndi dzina. Ukafuna mnzako unkangogwedeza ulusi, n'kutchula dzina, n'kuyankhula. Mawu ako ankathamanga mpaka pamfundo ya dzinalo, kenako n'kutsetsereka mpaka pakhomo la amene anamangitsa mfundoyo. Inu amasiku ano amene mumagula mayina pa intaneti musamadzitame kuti mwayamba zachilendo. Zinaliko izi.

Malamulo a Kangaude anali ochepa koma ouma. Dzina linkakhala la amene wayamba kufika. Kugulitsa dzina kunali kololedwa, bola wogula ndi wogulitsa alavulire malovu pa ulusi pamaso pa Kangaude, ndipo zikatero panalibenso kubweza mawu. Koma mfundo yongomangidwa kumene inali yaiwisi, yomata, ndipo sinkasunthidwa kupita kwa mwini wina mpaka mwezi utakhala kawiri. Lamuloli linabwera chifukwa cha akuba. Poyamba dzina linkabedwa m'mawa, masana lili ndi wina, madzulo lagulitsidwanso kutsidya, mwiniwake n'kungotsala kukamwa kuli yasa. Choncho Kangaude anati mfundo iziyamba yauma, kuti wodandaula apeze mpata wodandaulira.

Tsono kunali Gologolo. Mnyamata ameneyu, koma inu! Anzake akamakumba mbatata, iye ankakhala panthambi n'kumaganiza mayina amene eni ake sanawamangitse. Anamangitsa dzina loti Uchi, n'kuligulitsa kwa Chiuli. Anamangitsa loti Dziwe, Mvuu n'kuchita kumupembedza. Khasu sankalidziwa, koma kunyumba kwake sikunkagonedwa ndi njala.

Tsiku lina anazindikira kuti Nungu, amene ankachiritsa amayi onse a m'tchiremo, analibe mfundo. Anathamangira kwa Kangaude.

"Akuluakulu, ndimangireni dzina loti Azamba."

Kangaude anamuyang'ana ndi maso ake onse. "Iwe ndiwe mzamba?"

"Lamulo limafunsa zimenezo?"

"Silifunsa."

"Ndiye mangani."

Kangaude anamanga, ulusi n'kuukokera kumphako ya Gologolo. Tsiku lomwelo Gologolo anapita kwa Nungu, amene anamupeza akusinja mankhwala.

"Mayi, ndakusungirani dzina labwino pa ukonde. Tingogwirizana mtengo."

"Dzina lanji?"

"Azamba."

Nungu sanasiye n'kusinja komwe. "Ntchito ndigwire ine, dzina lake ndikagule kwa iwe? Choka apa, ndingakulase. Amene akundifuna khomo langa akulidziwa."

Gologolo anabwerera mchira uli pansi. Koma nkhani inamveka, ndipo m'mawa mwake panabwera mlendo patsinde pa mtengo wake. Anali Fisi, atasenza thumba la mtedza limene anakaba m'minda ya anthu.

"Mphwanga, ndamva kuti uli ndi katundu wosowa wogula."

"Alipo, achimwene."

"Ine ndakalamba, ndikufuna ndizithandizako anzanga. Amayi akaitana, ndizikawatengera nkhuni ndi madzi. Mtedzawu ndi wako."

Gologolo anayang'ana thumba lija, mutu wonse n'kuima. Anapita kwa Kangaude, nalavulira malovu pa ulusi onse awiri, ndipo Gologolo analumbira kuti mfundo ikadzauma dzina loti Azamba lidzakhala la Fisi. Fisi anafuna kulitenga pomwepo, koma Kangaude anakana, nayamba kuyimba nyimbo yake. Inali nyimbo yaulesi, yokoka mawu, yonena kuti chinthu chachiwisi sachigwiragwira, achisiye mwezi ubwere, upite, ubwerenso. Tizilombo tonse tokhala pafupi tinkavomereza kumapeto kwake ndi mawu amodzi onena kuti sichinaume.

Fisi anatulutsa mano. "Mphwanga, ine kudikira sindikudziwa. Upeze nzeru. Ukachedwa ndidzayambira mchira wakowo."

Kunyumba, mkazi wa Gologolo, Nangondo, amene anali woyembekezera, anayang'ana mtedza uja osaukhudza.

"Bambo, Fisi dzina la azamba akufuna atani nalo?"

"Zimenezo ndi zake. Ine ndagulitsa dzina basi."

"Mwamufunsa?"

"Nangondo, idya mtedza."

Chimene Gologolo sanachiganizire n'chakuti podikira mfundo kuti iume, mwini dzina anali iyeyo, ndipo mawu onse ankafikira pakhomo pake. Tsiku lachitatu lokha ulusi unagwedezeka iye ali mkati mokukuta mtedza. Anali Gwape.

"Azamba, thandizeni! Mkazi wanga nthawi yakwana. Tili m'udzu kuseri kwa mpanda wakale. Fulumirani, chonde!"

Gologolo anapitiriza kukukuta. Ulusi unagwedezekanso, n'kugwedezekanso.

"Simukumva?" anatero Nangondo.

"Akuitana azamba. Ine ndine mzamba?"

"Pomangitsa dzina munati ndinu ndani? Dzukani mukawauze mayi Nungu!"

Anadzuka akung'ung'udza, nalumpha nthambi ndi nthambi mpaka kwa Nungu. Mwana wa Gwape anabadwa bwino. Ndipo mbiri itamveka kuti ukangoitana Azamba pa ukonde thandizo limabwera msanga, tchire lonse linayamba kuitana. Lero Njiri, mawa Mbawala, mkucha Pusi. Gologolo uja wosadziwa khasu anasanduka mthenga wa ulele, miyendo kuchita kutupa.

"Asa! Dzina ili lindipha," anatero. "Lichoke msanga."

Anatapa phulusa, nakwera mwakachetechete pa ukonde, n'kulipaka pamfundo ija kuti ioneke yotuwa ngati yakale. Kenako anakaitana Kangaude.

"Akuluakulu, mfundo ija yauma msanga. Dzuwa la chaka chino si lamasewera. Taonani nokha kutuwa kwake."

Kangaude anatambasula mwendo umodzi, nakhudza mfundoyo. Mwendo unamatirira. Anaukoka pang'onopang'ono, naupukuta, n'kungoyamba nyimbo yake ija. Tizilombo tinavomereza mosangalala kwambiri kuposa tsiku loyamba, ndipo Gologolo anatsika manyazi atamugwira.

Mwezi unakhala koyamba. Fisi ankabwera m'mawa uliwonse kudzanunkhiza patsinde. Gologolo anaganizanso nzeru ina. Pamwamba pa phanga la Fisi panali mtengo wokhala ndi mphako. Anati ndikasamukira kumeneko ulusi unditsata, udutsa pakhomo pa Fisi, iye azingotchera khutu yekha, ine ndizigona. Anamanga katundu, Nangondo akukana, nasamuka. Atakoleza moto kumalo atsopano anapita kukauza Kangaude.

"Ndasamuka, akuluakulu. Ulusi unditsate."

"Wasamukadi? Mkazi, moto, mkeka, zonse?"

"Zonse."

"Chabwino. Wosamukadi ulusi umamutsata."

Kangaude anamasula mfundo ija, nakokera ulusi kumphako yatsopano, n'kumanganso. Mfundo inatuluka yonyezimira, yonyowa ngati yalero lomwe.

Gologolo anatulutsa maso. "Mwatani pamenepa?"

"Mwini akasintha khomo, mfundo imamangidwanso. Ikamangidwanso ndiye kuti ndi yaiwisi. Kuwerenga kwayambanso lero."

"Nanga mwezi wonse ndadikira uja?"

"Wapita."

"Mayo ine! Koma Fisi azimvako mawu akamadutsa?"

"Ulusi umayankhula m'khutu la mwini yekha."

Ndiye nyimbo ija inayambikanso. Ine ndikanakhalapo ndikanavomereza nawo, chifukwa ochenjera akadzitchera okha zimakoma kuonerera.

Moyo wa pamwamba pa phanga unali wowawa. Fungo lake losaneneka, mafupa ali mbwee pansi. Fisi, atamva kuti kudikira kwayambanso, anazungulira mtengo tsiku lonse akutukwana. Koma akaona Nangondo ankasintha mawu, n'kumwetulira.

"Mlamu, mwadzuka bwanji? Mimbatu yakula bwino. Tsiku lake mudzatiuze, tidzathandize."

Nangondo ankangolowa m'mphako, ndipo Gologolo ankaona kuti mkazi wake akuonda ndi mantha, koma ankadziuza kuti zonse zitha mfundo ikauma.

Mwezi unakhala kachiwiri. Patapita masiku ochepa, m'mawa wina, Nangondo anatsika kukafuna bowa. Dzuwa linakwera iye osabwera. Gologolo anali pakhomo akuganiza nzeru yachitatu, Fisi atagona pansi pamthunzi, pamene ulusi unagwedezeka. Anatchera khutu monyinyirika.

"Azamba, ndine Nangondo, mkazi wa Gologolo. Zandipeza panjira. Ndili pansi pa chitsamba kuseri kwa chulu chachikulu. Ndili ndekhandekha, kukwera mtengo sindingathe. Bwerani msanga, ndipo musauze aliyense pamene ndili."

Mawu ngati amenewa Gologolo anali atawamva kambirimbiri kwa akazi a eni, koma anali asanawamvetsepo. Mayi aliyense woitana dzina limenelo ankanena zinthu zitatu: pamene ali, kuti sangathe kuthawa, ndi kuti palibe womuteteza. Ndipo anakumbukira kuti akanapanda kusamuka, mfundo yoyamba ija ikanakhala itauma dzana. Mawu amenewa bwenzi atafikira m'khutu la amene wagona pansipo.

Fisi anadzutsa mutu. "Mphwanga, ulusi wagwedezeka. Akuti chiyani?"

"Palibe, achimwene. Ndi mphepo."

"Mphepo? Masamba ali phee chonchi?"

"Ndiye kuti ndi mbalame inatera. Gonani, ndikuti ndikaone misampha yanga."

Analumpha pang'onopang'ono ngati wopanda changu mpaka atabisika, kenako analiyatsa liwiro loti chibadwire sanathamangepo, kulunjika kwa Nungu. Nungu anamulondola mpaka kuseri kwa chulu, namuuza kuti adikire patali monga achitira amuna. Gologolo anakhala pamenepo, khutu lili kunjira ya kuphanga, mpaka anamva timawu tiwiri tikulira.

Nungu anatuluka akupukuta manja. "Wachira. Ana awiri, mwamuna ndi mkazi." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. "Ndamva kuti dzina lija unapeza wogula."

"Ndinapeza, mayi."

"Ndani?"

Gologolo anagwetsa misozi pamaso pa mayi wa eni, osachita n'manyazi omwe.

Kuyambira tsiku limenelo nzeru zake zonse zinatembenuka. Uja ankafuna mfundo iume msanga anayamba kuopa mwezi. Choyamba anatolera mtedza umene unatsala, wina anali ataukwirira m'malo amene anaiwala, napita nawo kwa Fisi.

"Achimwene, ndaganiza kuti tithetse malonda aja. Mtedza wanu uwu, wotsalawo ndidzalima."

Fisi anaseka mpaka kugubuduka. "Ine ndimadya mtedza? Malovu tinalavula, mphwanga."

Kenako Gologolo anakapempha Nungu kuti akadandaule. Nungu anavomera, napita kwa Kangaude.

"Dzina ili ndi langa. Mnyamatayu analitenga mwachinyengo."

"Dzina lanu ndi Nungu, mayi," anatero Kangaude. "Akanamangitsa limenelo ndikanamulanda lero lomwe. Koma Azamba ndi dzina la ntchito. Agogo anu anali azamba, ndipo mukadzapita kudzakhala azamba ena. Limenelo ndi la woyamba kufika."

Nungu anamangitsa mfundo ya dzina lake, ndipo Gologolo anayenda khomo ndi khomo kuuza nyama kuti ziziitana Nungu. Zonse zinavomera. Koma mayi ululu ukamugwira sakumbukira zimene anauzidwa pabwalo. Mawu amene ankatuluka m'kamwa anali omwe aja, Azamba, ndipo ulusi wa Gologolo unkagwedezekabe.

Gologolo anabwereranso kwa Kangaude. "Nanga mutangoidula mfundoyo?"

"Unalumbira, sindingadule. Ndipo ngakhale ndikanadula, dzina likanakhala la woyamba kufika. Tayang'ana uko."

Gologolo anayang'ana. Fisi anali atasamutsa pogona pake, akugona pafupi ndi ukonde, maso ali pamfundo.

"Akuluakulu, inu mukudziwa zimene Fisi akufuna. Simungaphwanye lamulo kamodzi kokha?"

"Ndikaphwanyira iwe lero, mawa ndiphwanyira iye. Lamulo lomweli ndi limene lasunga ana ako, pamene iwe unkalipaka phulusa."

Mchira wa Gologolo unayamba kugwedera pang'onopang'ono, monga unkachitira akapeza dzina logulitsa.

"Ndifunseko chimodzi. Munthu amaloledwa kusamuka kangati?"

Kangaude anamuyang'ana ndi maso onse aja. "Lamulo silinena."

"Limafunsa chifukwa chake?"

"Silifunsa. Koma kusamuka kwake kukhale kwenikweni. Mkazi, ana, moto, mkeka. Ndipo pamene wachokapo usabwererepo."

Litatsala tsiku limodzi kuti mfundo iume, Fisi analawirira pa ukonde atasamba, dovu likuchita kudontha. Anaona Gologolo akubwera atasenza mkeka, Nangondo pambuyo atabereka mwana mmodzi, wina atamunyamula kumanja.

"Akuluakulu," anatero Gologolo, "tasamuka. Pamwamba pa phanga paja ana akutsokomola. Moto takoleza kale kumtengo wa kudambo."

Kangaude anatambasula miyendo, namasula mfundo, n'kumanganso. Inatuluka yonyezimira.

Fisi anadumpha. "Chinyengo ichi! Analumbira!"

"Analumbira kuti chiyani?" anafunsa Kangaude.

"Kuti mfundo ikauma dzina ndi langa!"

"Takhudza. Yauma?"

Fisi anakhudza, phazi n'kumatirira. Kangaude anayamba nyimbo yake yaulesi ija, yonena kuti chachiwisi achisiye mwezi ubwere, upite, ubwerenso. Ulendo uno amene anavomereza mokweza kuposa tizilombo tonse anali Gologolo, ali panthambi yapamwamba pamene mano a Fisi sakanafika.

"Udzatopa, mphwanga," anakuwa Fisi. "Ndipo ndikafa ine, ana anga alipo. Malovu aja ndi a mtundu wonse."

Apa musafulumire kuomba m'manja, chifukwa Fisi sananame. Mwezi unabwera, unapita, ndipo usanabwerenso banja la Gologolo linamanganso katundu. Anasiya mphako ya kudambo ana atangoizolowera. Ina anaisiya atangoifolera bwino. Ina anaisiya mvula ikugwa, Nangondo atafunditsa ana mkeka, moto atausunga m'chigoba kuti usazime. Mtedza umene ankakwirira pafupi ndi khomo unkatsala komweko n'kumera, kudya ena. Kupereka dzinalo kwa Nungu sakanatha, popeza mfundo yaiwisi sisunthidwa kupita kwa aliyense, wabwino kapena woipa. Linangokhala lake, ndi ntchito yake yomwe.

Pa ulendo wina wotere, atafika pamtengo watsopano, Nangondo anatula katundu n'kukhala pansi, osafuna n'kulowa komwe.

"Bambo, mpaka liti?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Tsiku lija ndinakufunsani ngati munamufunsa Fisi."

"Munandifunsa. Ine ndinati mudye mtedza."

Sanakangane. Nangondo anadzuka, nayamba kusesa m'mphako. Mwana wamkazi uja, amene tsopano ankayankhula, anakoka bambo ake mchira.

"Ababa, anzanga akumandifunsa kuti kwanu n'kuti. Ndiziwauza kuti chiyani?"

Gologolo anatembenuka n'kumuyang'ana mwanayo. Mtima unamuwawa kuposa tsiku la kuseri kwa chulu lija. Akadali chomwecho ulusi unagwedezeka, mawu a mayi wina wosamudziwa akuitana azamba, akunena pamene ali ndi kuti ali yekha. Anamusisita mwanayo kumutu.

"Ndikabwera ndidzakuuza," anatero, n'kulumpha.

Mpaka lero sanamuyankhe. Mukadzamuona akuthamanga panthambi, n'kuima mwadzidzidzi, khutu m'mwamba, mchira ukugwedera, musamugende. Akumvera ulusi.

Yanga yathera pompa. Amene anaika mbatata pamoto adzuke yekha akaione.